Ovololo Yoyera Kumsana

Alamu anga, amene anakwatira achemwali anga aakulu, anthu amawatchula kuti Achikhatho. Ndagwira nawo ntchito ya umakaniko pa galaja imodzi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo pa zaka zonsezo sindikumbukira tsiku limene anandipatsa moni wa munthu. Ndinene poyera, sindiwakonda. Ngati mukufuna nkhani yowatamanda, kafunseni achemwali angawo, mwina iwo ali nayo.

Dzinalo linabwera chifukwa cha kagwiridwe kawo ka ntchito. Galimoto ikabwera ndi vuto, iwo sankataya nthawi n'kufunsa mwini wake. Ankakhala pampando, kuika chikhatho pachiwongolero, kuiyendetsa mpaka pamtsetse wa kuseri kwa sitolo ya matabwa, n'kuponda buleki. Pobwera ankangotchula matenda ngati akuwerenga papepala: “Disiki ya buleki yakumanzere yapindika,” kapena “Bushi yatha.” Tikamasula, tinkapezadi momwemo. Zimenezo sindingawalande. Koma lusolo linawalowa m'mutu, moti enafe ankationa ngati zitsa.

Bambo awo anali omata matayala m'mbali mwa msewu, ndipo iwo anakulira m'fungo la guluu ndi mphira wopsa. Sukulu anaisiya msanga. Samwa mowa, sasuta, saseka. Chakudya cha masana amadyera okha m'mutu mwa lole yakufa imene ili kuseri kwa galaja, atatseka chitseko. Bokosi lawo la zipangizo ndi labuluu, la maloko awiri, ndipo ukabwereka sipanala amaima pambali pako mpaka uwabwezere. Ana awo omwe akamva kukhosomola kwawo pageti amazimitsa wailesi.

Ntchitoyi anandiphunzitsa ndi iwowa, achemwali atawachonderera. Kuphunzitsa kwake kunali kotukwana. Lamulo loyamba limene anandikhomera m'mutu linali la mabushi. Kwa inu amene simunagonepo pansi pa galimoto, bushi ndi kamphira konenepa kokhala ndi kapaipi kachitsulo pakati. Imakhala pamene mkono wogwira tayala lakutsogolo umalumikizana ndi thupi la galimoto, kuti zitsulo zisamagundane. Ikatha, tayala limagwedera, ndipo ukaponda buleki chiwongolero chimanjenjemera m'manja.

“Tamvera iwe,” anandiuza tsiku lina atandigwira khutu, ine munthu wa ndevu zanga. “Bawuti ya bushi sumanga galimoto ili m'mwamba. Uikoleke chabe. Utsitse galimoto iponde pansi ndi kulemera kwake konse, ndiye ukwawire pansipo ndi msana, ukamange. Ukamanga matayala akulendewera, potsitsa bushiyo imapotoka, imakhala yopotoka choncho mpaka kung'ambika. Wochita zimenezo si makaniko, ndi chigawenga. Wamva?”

Ndinamva. Galaja yathu ilibe dzenje lotsikiramo, ndiye kumanga mabushi kumatanthauza kuyala katoni pasimenti, kugona chagada, kudzikoka ndi zigongono mpaka chitsulo chikukhudza mphuno, kenako kukoka sipanala ndi mphamvu zako zonse.

Tsopano pali nkhani ina imene sindikonda kuinena, koma popanda iyo simumvetsa. M'chaka changa chachiwiri anandituma kukweza pikapu ina. Ndinaikweza ndi jeki. Masitandi, zitsulo zochirikiza galimoto kuti isagwe, anali kumapeto kwa bwalo, dzuwa linali lakuswa mtengo, ndipo ndinachita ulesi. Atandifunsa kuti, “Waika?” ndinati, “Eya.” Analowa pansi. Jeki inapendekeka, pikapu inatsika, n'kuwapana m'chiuno. Kukuwa kwake ndimakumvabe. Anagona miyezi itatu.

Pa galaja pathu pali lamulo lakalekale: wolowetsa mnzake pansi pa galimoto yopanda masitandi amachoka tsiku lomwelo. Abwana aakulu, amene pano anamwalira, anapita kuchipatala kukafunsa kuti anakweza galimoto ndani. Alamu anati, “Ndinakweza ndekha.” Musaganize kuti anachita zimenezo pondikonda ayi. Anandiuza pamaso kuti sankafuna mkazi wawo azilira m'nyumba chifukwa cha mlongo wake wopusa. Kuyambira pamenepo dzina langa linasanduka Jeki. Anzathu amaganiza kuti n'chifukwa choti ndine wamfupi, wojintcha. Tanthauzo lake tinkalidziwa awiri basi, ndipo ankalitchula m'mawa uliwonse ngati akundibaya ndi singano. “Jeki, sesa apa.” “Jeki, wayang'ana bwinobwino kapena wangoti eya?” Zaka khumi ndi zisanu, abale! Mlandu suola, ndikudziwa, koma ngakhale kundende munthu amatuluka.

Chinatimaliza ndi vani yoyera ya mayi wina wogulitsa mazira. Ife tinkangowatchula kuti Mayi Amazira. Tsiku lililonse amanyamula matileyi kufamu kupita nawo kumsika, ndipo njira yawo ili ndi mtsetse wautali. Anabwera akudandaula kuti akaponda buleki kutsogolo konse kukunjenjemera. Alamu anaiyendetsa, nabwera ndi chigamulo: madisiki a mabuleki apindika, mabushi nawo atha. Abwana, mwana wa malemu aja, anatigawira ntchito. Mabuleki anapatsa ine, mabushi anapatsa alamu. Vani inatuluka ili bwinobwino.

Patatha milungu itatu inabwerera. Alamu anaiyendetsanso, nati mabushi amene tinaika anali achabechabe, ongopanga kuseri kwa nyumba. Abwana anatilamula kuti tipite tonse awiri kusitolo ya masipeyala tikasankhe enieni. Tinayenda ulendo wonse osalankhulana, iwo patsogolo, ine pambuyo ngati mbuzi yokagulitsa.

Wogulitsa anatiyalira mitundu itatu pakauntala. Panali osema ku matayala akale, akuda bii, otsika mtengo. Panali olimba ofiira, onga pulasitiki. Panalinso a mphira weniweni, a m'bokosi la kampani yopanga vaniyo. Alamu anatenga yosema, kuinunkhiza, n'kuiponyera wogulitsayo pachifuwa.

“Izi muzikagulitsa kwa okonza ngolo,” anatero.

Ine ndinatola yofiira. “Alamu, titenge awa. Sang'ambika awa, amatha zaka.”

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. “Jeki, vaniyi imanyamula chiyani?”

“Mazira.”

“Ndiye ukufuna kuika mwala pansi pa mazira? Bushi yolimba simeza bampu, imangoipereka yonse kwa katundu. Kabowo kalikonse mumsewu, tileyi imodzi yapita. Mutu wakowo unaupachika pa jeki eti?”

Wogulitsa anaseka mpaka kugwira kauntala. Ine magazi anandiwira. Alamu anatenga ya m'bokosi, kuikanikiza ndi chikhadabo, kuiluma pang'ono ndi mano a m'mbali, n'kugwedeza mutu. Tinatenga imeneyo. Anaika okha, ine ndili kutsidya kwa bwalo pa galimoto ina.

Milungu inayi sinakwane. Lachiwiri m'mawa vani ija inalowa pageti, Mayi Amazira n'kutsika injini isanazime n'komwe.

“Kodi pano pali amakaniko kapena anthu ovala maovololo chabe?” anakuwa. “Ndikaponda buleki pamtsetse paja chiwongolero chimanjenjemera ngati chagwidwa malungo. Dzulo matileyi anayi phwaa! Ine ndimagulitsa mazira kapena makoko? Mukufuna ndidzafere mumsewu kuti mukhulupirire?”

Abwana anawakhazika mtima pansi, kenako anatiitanira tonse awiri muofesi, kachipinda kodzaza mabatire akufa ndi makalendala akale. Sanatipatse mpando.

“Vani iyi yabwera kachitatu,” anatero. “Ikabwera kachinayi, mayiwa atichokera pamodzi ndi anzawo onse akumsika. Anaigwira ndinu awiri. Mmodzi wa inu akuwononga ntchito. Pofika Lachisanu ndidziwe kuti ndani, ndipo ameneyo anyamule bokosi lake azipita. Sindikuseka.”

Alamu sanadikire n'komwe kuti abwana apume. “Ndi madisiki a Jeki,” anatero. “Amamanga manati ngati akutseka botolo la mafuta odzola.”

Asa! Pamaso pa abwana! Ndinangotuluka. Ndili ndi ana atatu ndi mkazi, ndipo ntchito ina kupatula iyi sindiidziwa. Ndinalumbira mumtima kuti ulendo uno sindinyamula mlandu wa munthu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Lachitatu lonse ndinathera pa ntchito yanga yomwe, chifukwa nanenso ndinkadzikayikira. Ndinaiyendetsa vaniyo pamtsetse. Disiki ikapindika, buleki imakubwezera phazi, imagunda pansi pa nsapato. Apa phazi linali zii, chonjenjemera chinali chiwongolero chokha, ndipo vani inkakokera mbali imodzi. Ndinabwerera, kuikweza, kuika masitandi anayi, kuwagwedeza onse. Ndinayang'ana matayala ngati atupa penapake, ayi. Manati onse anali gwa. Ndinamangirira kawaya pafupi ndi disiki, n'kuizungulitsa pang'onopang'ono kuti ndione ngati ikhudze kawayako mbali ina. Inazungulira mowongoka, yakumanja ndi yakumanzere yomwe. Ndinapuma. Mabuleki anga analibe mlandu.

Lachinayi m'mawa ndinatenga chitsulo chochotsera matayala, kuchilowetsa pakati pa mkono ndi thupi la vani, n'kukanula. Mkono unangoti gwede. Bushi ya milungu inayi! Ndinamasula mikono yonse iwiri n'kupita nayo padzuwa. Mabushi onse anali atang'ambika mozungulira, mokhota, ngati nsalu imene munthu waifinya mopitirira. Ndinathamangira kumulu wa zitsulo zotaya, kufukula mpaka kupeza mabushi oyamba aja, amene alamu anawanena kuti ndi achabechabe. Kang'ambikidwe kake kanali komweko. Bushi sing'ambika choncho chifukwa cha msewu kapena katundu. Imang'ambika choncho ikamangidwa galimoto ili m'mwamba.

Ndinakana kukhulupirira. Achikhatho? Munthu amene anandikoka khutu pa nkhani yomweyi?

Nthawi ya chakudya itakwana, anavula ovololo yawo n'kuikoleka pamsomali, monga amachitira masiku onse, nalowera ku lole yawo ija. Ndinapita pamsomalipo. Kutsogolo ovololo inali yakuda ndi girizi, m'mawondo yong'ambika, m'manja yonyezimira ndi oilo. Nditaitembenuza, kumsana kunali koyera mbee. Ndinayang'ana yanga: kumsana kwake simungadziwe kuti inali ya mtundu wanji. Ndinasuzumira kuseri kwa kabati kumene amasunga katoni yawo yogonera, imene sankalola munthu kuikhudza. Inali ndi fumbi lochindikala, kangaude atamangapo nyumba. Munthuyu anali asanagone pansi pa galimoto kwa miyezi yambiri. Ntchito zonse ankazigwira galimoto ili pamwamba, iwo atakhala pa kampando, ndipo ife sitinaone chifukwa palibe amene ankalimba mtima kuwayang'anitsitsa.

“Ika pansi katoni yangayo.”

Anali ataima kumbuyo kwanga, kontena ya chakudya ili m'manja. M'galaja munalibe wina.

“Alamu,” ndinatero, “mabushi aja munamanga vani ili m'mwamba. Kawiri konse.”

Sanakane. Anayang'ana mikono ya vani imene inali pabenchi, kenako ine.

“Ndiye?”

“Ndiye mawa ndi Lachisanu.”

“Masiku ndimawadziwa.”

Ndikuuzeni zoona, pamenepo ndinkadikira mawu amodzi okha. Akanati, “Mlamu, msana wandikanika, uzindimangirako,” bwenzi nditagona pansi pa galimoto iliyonse m'malo mwawo mpaka ukalamba. Kwa abwana tikanapeza chonena. Ndinaima pamenepo katoni ili m'manja, ndikudikira.

Kenako ndinati, “Munakanika kundiuza? Ndimakhala pomwepa tsiku lonse. Kumanga bawuti ndi mphindi khumi.”

“Ndipemphe iwe?” Anaseka, koyamba pa zaka zonse zija, kuseka koipa. “Ndilowetse ntchito yanga m'manja mwa munthu woti ukamufunsa kuti waika amati eya? Ukufuna ndikugwadire, Jeki? Pita ukanene. Pakamwa ndi pako.”

“Koma Lachiwiri munati ndi madisiki anga. Mumafuna achotse ine.”

“Ukanapeza kwina. Ndiwe mwana, msana uli nawo.”

Mxii! Ndinaponya katoni pansi, fumbi n'kuti kobo. Chifundo chonse chimene chinayamba kumera chinauma pomwepo.

Lachisanu m'mawa sindinapite kuofesi mwakachetechete ayi. Ndinkafuna onse aone. Ndinayala mabushi anayi pabenchi yapakati, awiri oyamba ndi awiri achiwiri. Ndinaitana abwana, wowotcherera, wazamagetsi, wopenta, ngakhale Mayi Amazira amene anabwera kudzaona vani yawo. Ndinafotokoza zonse bwinobwino, mawu ake omwe aja amene anandiphunzitsa, mpaka pa “si makaniko, ndi chigawenga.” Pomaliza ndinakatenga ovololo pamsomali, iwo asanaivale, n'kuitambasula kuti onse aone kumsana. Ndinamva kukoma, sindinama. Zaka khumi ndi zisanu za “Jeki, Jeki” zinatuluka m'chifuwa nthawi imodzi.

Palibe anaseka. Wowotcherera anayang'ana pansi. Mayi Amazira anagwira pakamwa.

Abwana anatembenukira kwa alamu. “Achikhatho, n'zoona?”

“N'zoona.”

“Bwanji osanena?”

“Makaniko wosagona pansi mukanamusunga?”

Abwana anakanda m'mutu, nafunsa zina: “Msanawu ndi wa pikapu ija, nthawi ya bambo? Kodi zinayenda bwanji kwenikweni tsiku limene lija?”

Ndinali nditaiwala, ine chitsiru, kuti ndatsegula chitseko chimene kuseri kwake kuli ine ndemwe. Lamulo la masitandi lidakalipo, lalembedwa ndi penti yofiira pakhoma. Alamu anandiyang'ana. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndinaganiza, basi tichokera limodzi.

“Ndinakweza ndekha,” anatero. “Ndinanena kale.”

Anandilanda ovololo, kuipinda, kuiika m'bokosi labuluu, kutseka maloko onse awiri. Atawerama kuti alinyamule, anaima pakati, nkhope itakwinyika, dzanja lili m'chiuno. Wowotcherera anathamangira kuti awathandize, iwo anamukalipira kuti achoke. Analikoka bokosilo pasimenti, likulira khwee, kuchokera pabenchi mpaka pageti. Podutsa pamene ndinaima, anakankha sitandi imodzi ndi phazi, n'kugubudukira pa nsapato yanga.

“Uziika,” anatero, osandiyang'ana.

Vani ndinaikonza ndekha masana omwewo. Abwana anandifunsa kuti tiike mabushi ati, ndipo ndinakatenga a mphira omwe aja, a m'bokosi. Ndili m'njira ndi pamene chinthu china chinandifika m'mutu. Mabushi ofiira aja, amene ndinkawakakamiza, amazungulira pa kapaipi kawo, sapotoka. Ungawamange galimoto ili m'mwamba, palibe chimene chingachitike. Alamu ankadziwa zimenezo kuposa ine. Akanangovomera tsiku lija kusitolo, chinsinsi chawo chikanakhala chobisika mpaka lero, mazira a mayi aja n'kumasweka pang'onopang'ono popanda wodziwa chifukwa chake. Anawakana. Nkhani imeneyi imandikwiyitsa kuposa zonse, chifukwa sindidziwa poiika.

Ndinatsitsa vani, kuyala katoni, kugona chagada, kukwawa, kumanga. Siinabwererenso. Mayi Amazira amatibweretsera anzawo, ndipo abwana amandiitana pa galimoto iliyonse yonjenjemera.

Lamlungu lotsatira ndinapita kwa achemwali. Sanandilowetse m'nyumba. Anaima pakhomo atapinda manja.

“Wakhuta?” anandifunsa.

“Achemwali, anafuna kuti achotse ine. Ndikanatani?”

“Chaka chathunthu nsapato ndimawamanga ndine m'mawa uliwonse. Pabedi ndimawadzutsa ndine. Amatuluka m'nyumba muno akulumira mano, kuti akafike kumene kuja ali chilili. Ndinawauza kangati kuti auze iwe? Amati bola kufa.” Anandiyang'ana m'maso. “Ndipo usaganize kuti za pikapu ija sindizidziwa. Iwo sanandiuze. Ndinaona nkhope yako kuchipatala.”

Anatseka chitseko. Pawindo ndinaona alamu atakhala pampando wa matabwa, pilo ili kumsana, manja ali pamawondo. Anandiona nawonso, koma sanasunthe.

Pano amakhala pakhonde pa nyumba yawo. Madalaivala ena amawapitirabe. Amawakweza m'galimoto, iwo kuika chikhatho pachiwongolero, kutchula matenda, eni ake n'kubwera nayo kwa ife kuti tikonze. Ena amafika ndi uthenga: “Akuti mukauze Jeki kuti amange itaponda pansi.” Ndimangoti ndamva.

Ndimawadabe, musanamizidwe. Munthu wamwano, wouma mtima, wofuna kugwetsa mnzake kuti iye aime. Koma chimene ndimawadera kwambiri ndi Lachisanu lija. Akanangotsegula pakamwa n'kunena za jeki, bwenzi tonse titakoka mabokosi athu kupita pageti, iwo ndi wawo mlandu, ine ndi wanga, n'kuthana. Sananene. Ndiye m'mawa uliwonse ndimalowa pa galaja paja, kukoleka malaya anga pa msomali umene unali wawo, n'kugona pansi pa magalimoto ndi msana wanga wabwinobwino.